Funso: Ndalama zakale za golide tizigulitse pa sikelo, tizigawane, kapena tizisunge pamodzi?

Wofunsa:

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatolera ndalama zakale ndiponso kwa amene mumadziwa malamulo a chuma cha masiye. Amalume anga atatisiya, m'bokosi mwawo munapezeka kachitini ka ndalama za golide za ku Britain zimene zimatchedwa sovereign, ndipo akuluakulu a pabanja akunena kuti anabwera nazo ndi agogo athu pochokera ku Joni, kumene ankagwira ntchito m'migodi zaka za m'ma 1920. Ndalamazo si zambiri, zimakwana m'dzanja limodzi, koma zagawa banja patatu. Ena akufuna kuti zipite kwa ogula golide amene amayeza pa sikelo n'kulipira pomwepo, ena akuti aliyense atenge yake ikhale chikumbutso, pamene ine mtima wanga ukufuna kuti zisungidwe pamodzi mpaka titadziwa chimene tili nacho.

Chimene chikundichititsa kukayikira za sikelo ndi nkhani ya chuma cha Saddle Ridge cha ku California. Mu 2013 bambo ndi mayi ena akuyenda ndi galu pa malo awo anapeza zitini zisanu ndi zitatu zadzimbiri zokwiriridwa pansi, ndipo m'katimo munali ndalama za golide 1,427 zopangidwa pakati pa 1847 ndi 1894. Mtengo wolembedwa pa ndalama zonsezo unali $27,980, golide wake akanayezedwa pa sikelo nthawi imeneyo akanakhala wa madola pafupifupi 2 miliyoni, koma akatswiri anati chumacho chinali cha madola pafupifupi 10 miliyoni. Kodi kusiyana kwakukulu chotere kumachokera kuti, ndipo kodi ndalama za agogo athu zingakhale ndi mtengo wobisika wa mtundu umenewu? Nanga chilungamo pa chuma chotere ndi kuchimwaza kapena kuchisunga chathunthu?

Wotolera ndalama zakale, wa ku Johannesburg:

Achimwene, pepani ndi maliro. Ndiyankha funso lanu loyamba mosabisa mawu, chifukwa nkhani ya Saddle Ridge yasokoneza anthu ambiri amene ali ndi kachitini ngati kanu. Ndalama ya golide ili ndi mitengo itatu: wolembedwa pamwamba pake, wa golide amene ali m'kati mwake, ndi umene otolera amalipira chifukwa cha kusowa kwake ndi maonekedwe ake. Ndalama zambiri za Saddle Ridge zinali za $20, zotchedwa double eagle, zopangidwa ku San Francisco, ndipo zochuluka zinakwiriridwa zisanayende m'manja mwa anthu, moti kampani ya PCGS itaziyeza pa muyeso wa otolera umene umachokera pa 1 kufika pa 70, zina zinapezeka kuti ndi zabwino kuposa zinzake zonse za chaka chomwecho zimene zinkadziwika. Imodzi yokha ya 1866, yopanda mawu otchula Mulungu amene anayamba kulembedwa pa ndalama zimenezi chaka chomwecho, anaiyerekeza kuti ndi ya madola pafupifupi 1 miliyoni. Zili ngati fodya ku okushoni ya ku Kanengo, kumene mabelo awiri olemera mofanana amagulidwa mosiyana kwambiri chifukwa cha giredi.

Ndalama za agogo anu zinali malipiro a munthu wa m'mgodi, zinayenda m'matumba ndi m'masitolo, choncho n'kutheka kwambiri kuti mtengo wake uli pafupi ndi wa golide wake. Sovereign imodzi imalemera magalamu 7.98, ndipo golide weniweni m'menemo ndi magalamu 7.32. Komabe musafulumire kupita kwa a sikelo musanayang'ane chaka ndi chilembo cha kumene inapangidwira. Kumbuyo kwake, pa nthaka imene ili pansi pa kavalo, pamwamba pa chaka, pamakhala tizilembo tating'ono: SA ndi Pretoria, M ndi Melbourne, S ndi Sydney, P ndi Perth, C ndi Ottawa, I ndi Bombay, ndipo yopanda chilembo ndi ya ku London. Ku Pretoria anapanga sovereign kuyambira 1923 mpaka 1932, ndipo za 1923 ndi 1924 zinali zochepa kwambiri, moti otolera amazifunafuna. Ya ku London ya 1917 nayonso ndi yosowa. Mukapeza imodzi mwa zimenezi, imeneyo si yoika pa sikelo.

Mayi wa ku Leeds:

Ine ndili kumbali yanu pa nkhani yosunga pamodzi, ndipo ndimaona kuti zimene zinachitikira chuma cha Saddle Ridge zinali zomvetsa chisoni. Kampani ya Kagin's inayamba kugulitsa ndalamazo mu 2014, zambiri kudzera pa Amazon, ndipo lero zili m'manyumba mwa anthu osadziwana. Amene anakwirira chumacho sakudziwika mpaka pano. Ena ankaganiza kuti ndi ndalama zimene Walter Dimmick anaimbidwa mlandu woba ku nyumba yopangira ndalama ya ku San Francisco mu 1901, koma boma la America linati palibe chimene chikulumikiza nkhani ziwirizi. Wofufuza wam'tsogolo amene angafune kuona chumacho chonse pa tebulo limodzi sadzathanso kutero.

Kuno ku England zinthu zimayenda mwina. Lamulo la Treasure Act la 1996 limafuna kuti wopeza chuma chakale akanene kwa woweruza wotchedwa coroner pasanathe masiku 14, kenako nyumba zosungiramo zinthu zakale zimapatsidwa mwayi wochigula, ndipo ndalama zogulira chumacho amagawana wopeza ndi mwini malo. Ngakhale lamuloli lisanabwere, chuma cha ku Hoxne chimene chinapezeka mu 1992, chokhala ndi ndalama za Aroma pafupifupi 15,000, chinagulidwa pa mapaundi 1.75 miliyoni ndipo chili ku British Museum, kumene mwana aliyense wa sukulu angathe kukachiona. Kachitini kanu si ka Aroma, koma ndi umboni wa ulendo wa ku Joni umene mabanja ambiri a ku Malawi amangoumva m'nkhani za pakamwa.

Wogulitsa ndi kugula ndalama zakale:

Mayi, ndikulemekeza maganizo anu, koma sindikugwirizana nawo onse. Ndalama za Saddle Ridge zinalembedwa ndi kuyezedwa imodziimodzi zisanagulitsidwe, ndipo iliyonse inatsekeredwa m'kachikwama ka pulasitiki kolembedwa dzina la chumacho, choncho mbiri yake imayenda nayo kulikonse. Kumwazikana kwa chuma si kutayika kwake ngati chalembedwa bwino. Onani za ku Ellerby ku Yorkshire komweko, kumene banja lina linapeza ndalama za golide zoposa 260 pansi pa khitchini mu 2019. Ndalama zimenezo zinagulitsidwa ku okushoni ya Spink mu 2022 pa mapaundi 754,000, pamene akatswiri ankayembekezera ndalama zosaposa 250,000. Ogula analipira nkhani ya chumacho pamodzi ndi golide wake. Phunziro kwa wofunsa ndi lakuti mbiri ndi imene iyenera kusungidwa choyamba: jambulani ndalama iliyonse mbali zonse ziwiri, sungani kachitiniko, ndipo lembani zimene akuluakulu akukumbukira za agogo akadali moyo okumbukirawo. Pambuyo pake, ngati mayi wamasiye akufuna fizi ya ana, palibe cholakwa kugulitsa.

Wodziwa za malamulo, wa ku Lilongwe:

Nonse mukukambirana za mtengo, koma funso loyamba ndi lakuti mwini wake ndani. Bambo wofunsa, mwanena kuti omwalirawo ndi amalume anu. Ngati sanasiye wilu, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a womwalirayo, osati adzukulu a kuchikazi monga mwambo wathu wakale unkachitira, ndipo kutenga katundu wa masiye popanda chilolezo ndi mlandu. Ngati abale a amalume akunena kuti ndalamazo zinali za agogo ndipo amalume ankangosungira banja lonse, nkhani imeneyo ikambidwe poyera pamaso pa ankhoswe, ndipo zikavuta mupite ku ofesi ya bwanamkubwa kapena kwa Administrator General.

Ndikuchenjezaninso pa maganizo onyamula ndalamazo kupita nazo kunja kuti zikayezedwe. Golide satuluka m'dziko mwachisawawa, ndipo zinthu zakale zili ndi lamulo lake la Monuments and Relics Act, choncho funsani kaye ku Reserve Bank ndi ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Otolera ndalama amakumbukira bwino za banja la Langbord ku America, limene linapereka ndalama khumi za double eagle za 1933 ku boma kuti zitsimikizidwe ngati ndi zenizeni. Boma linazigwira ponena kuti sizinatuluke movomerezeka m'nyumba yopangira ndalama, mlandu unatenga zaka zoposa khumi, ndipo mu 2017 khoti lalikulu linakana kumva apilo yawo, pamene ndalama imodzi ya mtundu womwewo, yokhayo yololedwa kukhala ya munthu wamba, inagulitsidwa pa madola 18.9 miliyoni mu 2021. Sovereign zanu zilibe vuto lotere, koma chinthu cha mtengo wapatali chisachoke m'manja mwanu popanda kalata yosainirana.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu pamaso pa azakhali, akazi a malemuwo, ndipo pafupifupi zonse zili ndi chilembo cha SA ndi zaka za pakati pa 1925 ndi 1928, kupatula imodzi ya M ya nthawi ya Mfumu Edward VII. Pa za umwini ndamva, ndipo mawu omaliza akhala a azakhali ndi ana awo. Funso latsala ndi ili: zina zada m'mizere, ndipo msuweni wanga akufuna kuzikwecha ndi phulusa ndi mandimu kuti ziwale tisanazionetse kwa ogula. Kodi zimenezi n'zoyenera?

Wotolera ndalama zakale, wa ku Johannesburg:

Muwaletse lero lomwe, achimwene. Phulusa limasiya timizere tating'ono timene wotolera aliyense amationa msanga, ndipo ndalama yokwechedwa imatsika mtengo, osakweranso. Zigwireni m'mbali ndi manja oyera, ndipo iliyonse ikhale m'kapepala kake kuti zisakhulane.

Zaka zimene mwatchulazo ku Pretoria anapanga mamiliyoni ambiri, choncho yembekezani mtengo wa golide ndi kena kake kochepa pamwamba. Kawerengedwe kake n'kosavuta: tengani mtengo wa galamu imodzi ya golide wa tsiku limenelo, muchulukitse ndi 7.32, ndipo chotulukacho ndicho poyambira kukambirana pa ndalama iliyonse. Wogula amene akutchula mtengo wotsika kwambiri kuposa pamenepo, kapena amene akufuna kupala ndalama ndi tupa kuti ayese golide, musamupatse. Zoyesera zokwanira ndi sikelo yowerenga tizigawo ta galamu ndi choyezera kukula, chifukwa sovereign yeniyeni ndi ya mamilimita 22 m'mimba mwake ndipo siikoka maginito. Ya M ija muiike padera, munditumizire chithunzi cha mbali zonse ziwiri pa gulu pompano, chaka chake chioneke bwino, kuti tione ngati ili m'gulu la zosowa azakhali asanasankhe zogulitsa ndi zosunga.