Mazenera a nyumba yakale ku Chiromo

Wofunsa: Akuluakulu, nyumba yathu inamangidwa nthawi ya atsamunda, ndipo chiswe chadya mafelemu a mazenera. Kodi tingaike a aluminiyamu, popeza kutentha kwa Okutobala ndi udzudzu zatisautsa?

Mmisiri wa ku Nsanje: Bambo, mazenera a aluminiyamu otsetsereka amatseguka theka lokha, choncho mphepo idzachepa m'nyumbamo. Chotsani matabwa owonongeka okha, mulumikize a mlombwa omwe chiswe sichiwadya msanga, kenako mukhomere sefa wotchinga udzudzu chamkati kuti maonekedwe akunja asasinthe.

Mayi wa ku Chikwawa: Musanagwetse chilichonse, funsani ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, nthambi ya boma yoyang'anira zinthu ndi nyumba zakale, ngati nyumbayo ndi yotetezedwa, chifukwa lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kusintha nyumba zotere popanda chilolezo.

Wofunsa: Zikomo mayi, ndiyamba ndawalembera kalata.