Mawu akuti "drive" anatani kuti akhale ndi matanthauzo ambiri chonchi?

Wofunsa
Akuluakulu odziwa Chingerezi, tandimasulireni. Mwana wa achemwali anga waona ntchito munyuzi, akuti akufuna munthu amene ali ndi "drive". Iye wangoti basi yandiphonya, ndilibe laisensi. Ndamuseka, koma atandifunsa tanthauzo lenileni ndangoti kakasi. Dalaivala amadiraiva, izo n'zodziwika. Nanga fulashi yosungira nyimbo ija, bwanji dzina lake lonse ndi "flash drive" chikhalirecho siyenda? Ku City Centre ku Lilongwe kuli msewu wa Independence Drive. Otolera magazi nawonso amati "blood drive". Gwero lake n'limodzi, kapena ndi mawu osiyana ongofanana kalembedwe?

Mphunzitsi wopuma
Achimwene, gwero ndi limodzi, ndipo galimoto ndi ya dzana poyerekeza ndi mawuwa. M'Chingerezi chakale cha zaka zoposa 1,000 zapitazo ankati "drifan", kutanthauza kukusa kapena kupirikitsa chamoyo, iwe uli kumbuyo kwake. Ajeremani mpaka pano amati "treiben", Adatchi "drijven".

Taganizani munthu amene wakhala pangolo, mkwapulo uli m'manja. Kodi akuyendetsa ngolo? Ayi, akukusa ng'ombe, ngolo ikungotsatira. Ku England zokoka zake zinali mahatchi, ndipo wogwira zingwe ndiye anali "driver". Karl Benz atalembetsa galimoto yake ku Germany mu 1886, mahatchi anayamba kuchepa m'misewu koma dzina linakakamira pa munthu wokhala kutsogolo uja. Misewu ya "Drive" nayonso ndi ya nthawi ya mahatchi yomweyo: kanali kamsewu kodutsa ngolo popita kunyumba ya munthu wachuma. Tanthauzo loyamba lija silinafe. Ku America, kuyambira 1867, ankakusa ng'ombe zikwizikwi wapansi kuchoka ku Texas mpaka ku Abilene ku Kansas kukazikweza sitima, ulendowo n'kumautcha "cattle drive". Za magazizo ndi zomwezo, kukusa anthu ambiri kuti alunjike chinthu chimodzi.

Wokonza makompyuta
Za fulashizo ndiyankhe ine. Mukatsegula hard drive yakale, yosungira zinthu m'kati mwa kompyuta, mupeza timbale tonyezimira ndi kamota kozunguza timbaleto. Kamotako ndi kamene kanabweretsa dzina. Hard drive yoyamba inatulutsidwa ndi kampani ya IBM mu 1956, inali ndi mbale 50, iliyonse mainchesi 24 m'lifupi, koma zonse pamodzi zosaposa ma megabyte 5. Lero chithunzi chimodzi chabwino cha pafoni chikhoza kuidzaza. Mu fulashi mulibe chozungulira n'chimodzi chomwe, inangotengera dzina la makolo.

Wofunsa
Zikomo aphunzitsi, zamveka. Komabe pa za ntchito paja sindinakhutire. Ngati mawuwa ndi okusa ziweto, munthu wa "drive" ndi wokusayo kapena ndi ng'ombeyo?

Mphunzitsi wopuma
Mwafunsa pamene pali nkhani. Akatswiri a za maganizo a munthu ndiwo anakuza tanthauzo limeneli. Robert Woodworth wa ku America anawagwiritsa ntchito mu 1918, kenako Clark Hull mu 1943 anafotokoza kuti njala ndi ludzu zimamusowetsa munthu mtendere mpaka adzuke akachitepo kanthu. Ndiye poyambirira penipeni ng'ombe ndi munthuyo, wokusa ali m'mimba mwake. Olemba ntchito anangowakometsera mawuwa. Iwo akutanthauza munthu wosadikira kapitawo kuti amuuze chochita, amene abwana akachoka sakhala pansi n'kuyamba kucheza pafoni. Ine ndikanamasulira kuti khama.

Mayi wa geni ku Limbe
Pepani aphunzitsi, pa khama pokha ndikana. Khama ndi la munthu amene wayamba kale ndipo sakusiya. Ndawaona anthu akhama zedi, ukamuuza kuti sanja matumba awa asanja mpaka dzuwa kulowa osadandaula, koma usanamuuze angoima manja m'thumba matumbawo ali pamphuno pake. Wina amafika m'mawa, waona kuti tomato wayamba kufewa, wamusankhula kale, watsitsa mtengo, wagulitsa, iwe ukubwera n'kupeza ndalama. Wachiwiriyu ndi amene akumufuna. Kwathu timati ndi wachangu, kapena timangoti ndi wodzituma. Akale anati pagule fumbi ndiwe mwini.

Komanso tisamachite ngati Chingerezi chokha ndicho chili ndi vutoli. Ifenso timayendetsa njinga, timayendetsa boma, timayendetsa mwambo wa maliro, ndipo tikakumana timafunsana kuti zikuyenda bwanji pomwe tonse taima.

Wokonza makompyuta
Amayi, mwambi umenewo ine ndimaumva mosiyana. Agogo ankaunena pofuna kuti usadalire ena, kuti palibe adzakuvinire gule wako. Ndiye ndi wa kudzidalira, osati wa changu.

Mayi wa geni ku Limbe
Nanga fumbilo limabuka bwanji, mwanangu? Ng'oma ndi za oimba, m'manja akuomba ndi ena, koma mapazi ndi ako. Wovina monyinyirika fumbi salibutsa ngakhale ng'oma zilire bwanji. Aphunzitsi tiweruzeni, inu munkauphunzitsa bwanji mwambiwu m'kalasi?