Ana a Kuchigwa pa WhatsApp: klorini wa m'pulu wandibanikitsa

Yohane, Randburg: Abale anga, ndithandizeni msanga. M'mawa uno abwana anandisiyira kapepala koti ndithire klorini ndi asidi m'pulu, dziwe losambiramo lija, chifukwa madzi ayamba kubiriwira. Pofuna kufupikitsa ntchito ndinasungunula HTH, klorini wa ufa uja, m'ndowa, ndakhuthula, kenako m'ndowa yomweyo ndathiramo asidi. Pansi panali katsalira pang'ono. Zinachita thovu n'kutulutsa utsi wachikasu, ine ndili m'kanyumba ka pampu. Ndatsokomola mpaka kusanza, maso ngati alowa kambuzi. Papita maola atatu koma pachifuwa pakuthinabe. Ndimwe mkaka?

A Malume, Pretoria: Mphwanga, za mkaka zisiye. Mkaka ukupita m'mimba, pamene vuto lili m'mapapo. Umene wapumawo ndi mpweya wa klorini weniweni. Vula zovala zimene unavala, samba, tsuka maso pampopi madzi akuyenderera kwa mphindi 15 mpaka 20, kenako pita ku kiliniki lero lomwe. Mpweya umenewu ndi wachinyengo, umatha kuoneka ngati wakuleka, usiku mapapo n'kuyamba kudzaza madzi. Ukayamba kubanika kwambiri imba 112 pafoni yakoyo kapena 10177. Jambula chithunzi cha chidebe ukawaonetse anamwino.

Yohane, Randburg: A malume, masiku a papasipoti anatha kalekale. Ndikuopa.

A Malume, Pretoria: Ndikudziwa, tonse tinadutsamo. Koma malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati munthu asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Pita. Mtembo kuunyamula kuchoka ku Joni kukafika ku Bangula ndalama zake ukuzidziwa, tinasonkha muno muno kangati?

Make Tadala, Cape Town: Iii Yohane, pepa mwana wa kwathu. Ine zinandichitikira m'bafa la bwana chaka changa choyamba. Ndinathira Jik m'toileti momwe ndinali nditathira kale mankhwala ena ochotsa dzimbiri lija lachikasu. Ndimati ziwiri zikaphatikizana ziyeretsa kwambiri. Ndinatuluka chokwawa. Chimene ndinaona tsiku limenelo n'choti utsiwo sukwera, umakhala pansi. Ndiye iwe ukuwerama n'kumakolopa, nkhope ili momwemo.

Bambo a Chikondi, Durban: Make Tadala mwanena zoona, mpweya wa klorini ndi wolemera kuposa mpweya wamba kawiri ndi theka, n'chifukwa chake tinyumba ta pampu tokumba pansi tija ndi msampha. Ndiloleni nditalikitse pang'ono, chifukwa kuno ku weyahausi katundu ameneyu timatsitsa sabata iliyonse ndipo anatiphunzitsa kuwerenga zidebe tisanakhudze folokolifiti.

Tengani chidebe cha HTH muyang'ane kumbuyo. Muona timabokosi toimirira pa ngodya, ta m'mphepete mofiira. Si zokongoletsa ayi. Ndi dongosolo lotchedwa GHS limene bungwe la United Nations linatulutsa mu 2003 kuti mankhwala azilembedwa mofanana kulikonse, ndipo South Africa inaliika m'malamulo a kuntchito mu 2021. Amagawa kuopsa patatu: zimene chinthu chingachite pachokha monga moto ndi kuphulika, ndi zimene chingachite m'thupi la munthu. Gawo lachitatu ndi la zachilengedwe.

Choyamba ndi kamoto kokhala pamwamba pa mkombero ngati chilembo cha O. Anthu ambiri amati ndiye kuti chimayaka ngati petulo. Ayi. Cha petulo ndi lawi lokhalokha lopanda mkombero. Ichi cha mkombero chikutanthauza kuti ufawo pawokha suyaka, koma umapereka okosijeni ku chinthu china kuti chiyake moopsa. Kumbukirani mvukuto wa osula makasu pamsika wa Ngabu. Mvukuto ulibe moto, koma makala amene amangonyeka ulesi, ukawapemerera amafewetsa chitsulo. HTH ndi mvukuto wa m'chidebe. Pachidebe amalemba H272, kutanthauza kuti amakolezera moto. Ndipo ukayaka moto wotere kuufundika bulangete n'kutaya nthawi, chifukwa mpweya wake ukuutenga mu ufa momwemo. Umafuna madzi ambirimbiri, uli patali. Chozimitsira moto cha ufa chija musapoperepo, muli ammonium amene sagwirizana ndi klorini.

Zuze, Israel: Achimwene, mankhwala a kamkomberowa amawagawanso gulu 1, 2, 3, nanga manambalawa amawapeza bwanji? Kuno pafamu matumba a potassium nitrate amene timasungunula m'thanki ya mthirira ali ndi kamkombero komweko, koma palembedwa Warning, osati Danger.

Bambo a Chikondi, Durban: Funso labwino aise. Amatenga mankhwalawo n'kusakaniza ndi cellulose, ulusi wa zomera womwe uli m'pepala ndi m'thonje, n'kuyatsa, n'kuona liwiro lake poyerekeza ndi muyezo wodziwika. Chothamanga kwambiri ndi gulu 1, chimalembedwa H271, chimatha kuyambitsa moto kapena kuphulika. HTH, dzina lake lenileni calcium hypochlorite, ali gulu 2, mawu ake Danger. Potassium nitrate wanuyo ali gulu 3, Warning. Apa zili mozondoka ndi kusukulu: amene watenga nambala 1 ndiye woipitsitsa. Koma Warning si chilolezo choika matumba pafupi ndi dizilo.

Zuze, Israel: Zamveka. Anthu kuno nkhani ya Beirut saiwala, si kutali. Pa 4 Ogasiti 2020 ammonium nitrate wokwana matani 2,750 amene anangosiyidwa padoko zaka zingapo anaphulika moto utabuka, anafa anthu oposa 200. Ndipo ammonium nitrate ali gulu 3 lomwelo. Ine ndinkaona feteleza ngati mchere basi.

A Malume, Pretoria: Wa LAN amene timathira pa kapinga kuno, ndi CAN wa kwathu, onse muli ammonium nitrate, kungoti anasakaniza ndi laimu kuti afatse. Komabe m'galaja mwa mzungu muli chipwirikiti chimene sindinachionepo kwina. Shelefu imodzi: HTH, asidi wa pulu, petulo wa makina odulira kapinga, brake fluid (mafuta a mabuleki), feteleza, nsanza zamafuta. Ine ndikayamba ntchito pamalo atsopano tsiku loyamba ndimasamutsa zimenezi ndisanagwire leki. Brake fluid kungodonthera mu HTH, kamphindi kamapita kuli zii, kenako lawi phu. Ndinaona chitseko cha kabati chitapsa mpaka mahinjesi kwa bwana wina amene anaika botolo lodontha pamwamba pa chidebe.

Chinanso, Yohane, ukadzachira: mapiritsi akuluakulu oika mu floater aja, kachidebe koyandama m'pulu, nawo ndi klorini, koma wa mtundu wina, trichlor. Osawaika m'chidebe cha ufa, osathira ufa mu floater. Ziwirizi zikakumana pali chinyezi zimaphulika. Mkazi ndi mkazi mnzake pakhomo limodzi amapirirana, izi sizipirirana.

Make Tadala, Cape Town: Kkkk a malume inu, nkhani ya mitala yalowa bwanji apa? Bambo a Chikondi, nanga ka dzanja kodyeka kaja?

Bambo a Chikondi, Durban: Ndiko ka kuthupi tsopano. Timabotolo tiwiri tikudonthetsera pa dzanja ndi pa chitsulo, zonse zikudyeka. Ndi H314, amawotcha khungu ndi kuononga maso. Ufa wouma padzanja louma suoneka ngati kanthu, koma ife timagwira ntchito tili thukuta, ndiye umasungunukira pakhungu. Mungoona zala zayamba kuterera ngati mwagwira sopo, kumeneko ndi khungu likudyeka. Magolovesi a labala, osati a nsalu, ndi magalasi otchinga maso.

Kenako pali chizindikiro cha mfuwulo chija, kamzere ndi kadontho. Ndi H302, kumeza n'koopsa. Poizoni amamugawa magulu, 1 mpaka 3 amajambula chigaza ndi mafupa, gulu 4 ndiye mfuwulo. HTH ali gulu 4. Mwana akameza, osamusanzitsa, chifukwa chinawotcha potsika chiwotchanso pokwera. Mutsukeni m'kamwa n'kuthamanga naye kuchipatala. Chomaliza ndi nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma, H400. Zotsukira ndowa sitikhuthulira mumtsinje. Ndipo zimene zamuchitikira Yohane zimalembedwanso pachidebe, kuti akakhudzana ndi asidi amatulutsa mpweya wapoizoni.

Zonsezi zili pa pepala lotchedwa SDS, la zigawo 16. Musavutike nalo lonse. Gawo 2 ndi kuopsa kwake, 4 chithandizo choyamba, 7 kasungidwe, 10 zimene sagwirizana nazo. Ogwira ntchito m'makampani muli ndi ufulu wolipempha. A m'nyumba za anthu lembani dzina la mankhwalawo ndi SDS pa intaneti, limatuluka.

Achemwali a ku Ngabu: Ndakhala ndikungowerenga, koma mwandiopsa. Bambo a kunyumba kuno ali ku Germiston anatumiza chidebe cha makilogalamu 4 nthawi ya kolera ija, pambuyo pa namondwe wa Freddy, zitsime zitasefukira. Chinabwera ndi matransipota m'chikwama chimodzi ndi mafuta ophikira ndi shuga. Chatsala choposa theka, chili kuchipinda komwe timasunga thonje tikamadikira ogula. Chivindikiro chinasweka, ndinatseka ndi jumbo ndi mphira.

A Malume, Pretoria: Mayi, dzukani pomwe mwakhalapo mukachichotse.

Bambo a Chikondi, Durban: Achemwali, mwamva zija ndanena za cellulose? Thonje ndi cellulose pafupifupi yekhayekha. Mwaika pamodzi zinthu ziwiri zomwe akatswiri amasakaniza dala akafuna kuona moto. Onjezanipo kutentha kwa ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumapitirira madigiri 40, pansi pa malata. Ufa umenewu ukatenthedwa kapena kulowa chinyezi umayamba kuonongeka, ndipo poonongeka umatulutsa kutentha kwina. Pezani chidebe cha pulasitiki chotsuka, chouma gwa, chokhala ndi chivindikiro, chimene simunaikemo mafuta kapena feteleza. Chitini chachitsulo ayi. Chikhale pamthunzi popita mphepo, pamwamba poti madzi osefukira kapena ana safika, kutali ndi parafini, thonje ndi mbaula. Ngati wagwirana mabuluwa kapena chidebe chikumveka kufunda, musachitsekere, chitulutseni panja pamthunzi muitane alangizi a zaumoyo.

Ndipo amuna anzanga, lekani kutumiza izi m'zikwama. Pamsewu katundu ameneyu ndi Class 5.1, galimoto yake imamatidwa chikwangwani chachikasu cha kamkombero komweko, nambala UN 1748 kapena UN 2880. Ife timamuponya mu thirela pakati pa zigubu za mafuta, masiku atatu padzuwa la ku Beitbridge ndi ku Tete.

Achemwali a ku Ngabu: Takhuta. Ndachitulutsa, chili pansi pa mtengo wa nimu, sichikufunda. Koma ufa wake wachita ngati nsima yogona m'mbali. Ndiye tizithirabe m'madzi akumwa?

Make Tadala, Cape Town: Achemwali, ufa sathira mwachindunji m'ndowa yakumwa. Alangizi amayamba asungunula kaye mlingo wa 1 peresenti, n'kumagawa m'mabotolo, n'kukuuzani muyezo wa ndowa ya malita 20, ndipo mumadikira mphindi 30 musanamwe. Wanuyo wakhalitsa, mphamvu yatsika, muyezo wake simungauyerekeze ndi maso. Apatseni alangiziwo aone. Ndipo botolo lake lisakhale la Fanta, ana a kwathu chilichonse cha m'botolo la Fanta amati n'chakumwa.

A Malume, Pretoria: Posungunula, madzi ayambe m'ndowa, ufa pambuyo, mphepo ili kumsana. Chotungira chake chikhale chouma, cha ntchito yomweyo basi. Wotayikira pansi osabwezera m'chidebe, watola kale zinyalala. Ndowa ziwiri, ina ya klorini ina ya asidi, ndimalemba ndi penti. Ine asidi ndimathira m'mawa pampu ikuyenda, klorini madzulo dzuwa litapepa.

Yohane, Randburg: Ndabwerako abale. Anandiika pa okosijeni ndi kundipumitsa mankhwala pa kamakina, akuti ndikabanikanso usiku ndibwerere osadikira kucha. Anandifunsa adiresi basi. Abwana ndawauza, angoti ndigule ndowa ina adzandibwezera. A malume, ndayang'ana m'galaja, chigubu cha petulo chili pansi penipeni pa shelefu ya klorini, ndipo kanyumba kena kosungiramo kulibe. Ndisamutse chiti?

A Malume, Pretoria: Petulo asiye m'galaja. Klorini umupezere bokosi la pulasitiki kuseri kwa nyumba, mbali yosaomba dzuwa. Asidi akhale yekha pansi m'kanyumba ka pampu. Koma zonsezi mawa, lero kagone utsamire mapilo awiri, foni ikhale yoyatsa. Ndikuimbira 10 koloko.