Mwana wanga akuti akupita ku Chicago kukayankha mafunso, ndimulole?

Membala wobisa dzina
Admin ndibiseni chonde. Abale ndipatseni nzeru, mutu wanga waima. Mwana wanga wamkazi ali giredi 7, wabwera ndi pepala lochokera kusukulu akuti timu yawo ya quiz bowl yadutsa, ikapikisana ndi masukulu a dziko lonse ku Chicago mwezi wa Meyi. Ine nthawi yonseyi ndimayesa ndi kakalabu kongochedwera kusukulu Lachiwiri ndi Lachinayi pothawa kutsuka mbale. Pano akuti ndisayine pofika Lachisanu, ndiperekenso $380. Ndiitenga kuti? Mwezi uno ndatumiza kale ya chimanga kumudzi, mayi anga akudwala shuga, mlamu wanga adandibwereka $200 mu Disembala mpaka lero amangonditumizira mavesi pa WhatsApp. Bambo ake a mwanayu ndikawauza amangoti "uone wekha", koma akakhala pa anzawo ndiye "mwana wanga ndi ine ndemwe, nzeru zokhazokha", chonsecho ngakhale dzina la mphunzitsi wake salidziwa. Ine ndimagwira ntchito usiku kosamalira okalamba, ndimaweruka 7 koloko m'mawa miyendo itatupa, ndipo amene amatilembera mashifiti tinayambana pa nkhani ya Khirisimasi, ndiye kukamupempha wikendi ndi kudzinyozetsa chabe. Chinanso mwanayu chibadwire sanagonepo kunja, ali ndi mphumu, komanso mnzake amene ali naye pa timupo mayi ake adandinena ku tchalitchi. Dzulo walira mpaka kukana nsima. Nditani ine? Kapena izi ndi zongodyera makolo ndalama?

Wa ku Joni
Bowl si mbale kodi? Mwana amathawa mbale kunyumba, wakazipeza kusukulu kkkkk

Bambo a Mapasa
Mayi, zikomo kwambiri kwa mwanayo, kufika kumeneko si masewera. Koma muli state iti? Ndipo $380 imeneyo ndi ya chiyani, ndege, hotelo kapena kulembetsa timu? Yankho lili pamenepo.

Malume a ku Texas
MULOLENI APITE. Ine nkhani ngati izi zimandiwawa mumtima. Mukudziwa kuti Chicago ndi kuti inu? Dr. Hastings Kamuzu Banda anaphunzira ku University of Chicago, anamaliza 1931, kenako anapita ku Meharry Medical College ku Nashville n'kutuluka dokotala 1937. Munthu wochokera ku Kasungu, nthawi imene kunalibe foni, kunalibe WhatsApp, kunalibe mayi womulongedzera sikono. Lero mwana wa Chimalawi akuitanidwa mumzinda womwewo ndipo ife tikuwerenga mbale zosatsuka. Ndi chifukwa chake sitikutukuka. Ya chinkhoswe timaipeza, ya yunifomu ya kwaya timaipeza, ya maphunziro ndiye mutu waima.

Nesi wa Usiku
Malume, munthu wanena kuti amagwira usiku ndipo akudwazika mayi ake. Inu mwamva chinkhoswe pati? Asisi musawamvere. Ine shifiti ya usiku ndikuidziwa, chaka chatha ndinakomoka m'bafa kuntchito, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti wadzuka bwanji, anangonditumizira uthenga wofunsa ngati ndibwera mawa. Dziko lino ukagwa umadzidzutsa wekha.

Malume a ku Texas
Ine ndagwira mashifiti awiri zaka 11, ana anga onse atatu ali ndi madigiri. Musandiphunzitse za usiku.

Mai Busa
Mwana wamkazi wa zaka 12 kapena 13 kukagona ku hotelo popanda mayi ake, ine ayi. Tisamatengere chilichonse poti tili kunja. Ndipo mpikisano wake umafika Lamulungu eti? Nanga tchalitchi? Za mayi amene adakunenaniwo, mukhululukeni mwana wanga, musasunge mangawa.

Bambo a Mapasa
Mai Busa, ana samapita okha, amakhala ndi kochi wawo ndi makolo ena operekeza. Ndifotokoze pang'ono poti mmodzi wa mapasa anga anapitako. Mpikisanowu amakonza ndi bungwe la NAQT, dzina la mpikisanowu amalifupikitsa kuti MSNCT, unayamba 2011. Zaka zaposachedwapa umachitikira ku Rosemont, pafupi ndi bwalo la ndege la O'Hare, mu hotelo ya Hyatt Regency. Timu siingodzuka n'kupita, imayenera iyambe yachita bwino pa mpikisano wina wa m'dera lawo. Amasewera ana anayi mbali iyi, anayi mbali iyo, aliyense ali ndi kabatani m'manja. Wowerenga akayamba funso, amene wadziwa amadina, kagetsi kake n'kuyaka, ndipo amayankha yekha osanong'onezana ndi anzake. Limenelo amati tossup. Akakhoza ndi mapointi 10, akadina msanga funso lisanafike pena pake ndi 15, akadula funso pakati n'kulakwa amachotsedwa 5. Akakhoza, timu yonse imapatsidwa bonasi ya mafunso atatu, apo ndiye amaloledwa kukambirana, ndipo akakhoza onse ndi 30. Loweruka amasewera tsiku lonse, Lamulungu ndi ndime ya chipulula kwa amene achita bwino. Mayi, ndafunsa kuti muli state iti?

Mphunzitsi Wopuma wa ku Dedza
Zandikumbutsa kale izi. Ifenso tinkatengera ana ku mpikisano wa mafunso wa masukulu, wina n'kumveka pa wailesi mudzi wonse utazungulira. Chaka china ndinaphunzitsa ana anayi miyezi itatu pansi pa mtengo, tsiku lonyamuka lole imene tinalonjezedwa sinabwere. Tinadikira pamsewu mpaka dzuwa kupendeka, ana atavala yunifomu yochita kusita ndi makala. Mmodzi wa iwo pano ndi dalaivala wa minibasi, akandiona sandilipiritsa. Penshoni yanga nayo inatenga zaka kuti ituluke, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Wa ku Joni
Funso langa ndi limodzi. Akapambana alandira zingati? Ngati ndi zoposa 380 ndiye ndi bizinesi, ine ndiikapo theka.

Bambo a Mapasa
Ndi zikho achimwene, musagulitse njinga.

Wa ku Joni
Ndiye ndatuluka mu bizinesi.

Mayi a Tadala ku Leeds
Wanga anachita nawo zoterezi kuno, amangofunika kuloweza masipelo. Mugulireni dikishonale yaikulu azingowerenga tsamba limodzi tsiku lililonse.

Malume a ku Texas
Imeneyo ndi spelling bee mayi, musasokoneze anthu. Vuto lathu ndi limeneli, kuyankha tisanamvetse. Quiz bowl ndi mbiri, sayansi, jogalafe, mabuku, nyimbo, nthano za Agiriki, zonse pamodzi. Zimene ana a ku Kamuzu Academy ankaphunzira kuyambira 1981, Chilatini ndi Chigiriki ku Mtunthama, anthu n'kumaseka. Lero azungu akufunsa ana awo zomwezo. Anaona patali munthu uja.

Kamnyamata ka ku Ndirande
Anaona patali koma mabuku ena ankaletsa, ndipo olemba ena anakagona ku Mikuyu. Mwana wa nthawi imeneyo akanadina kabatani n'kuyankha zolakwika za ndale sakanangochotsedwa 5.

Malume a ku Texas
Iwe unabadwa liti? Unaona chiyani? Fufuza kaye usanalankhule ndi akulu.

Kamnyamata ka ku Ndirande
Agogo anga anamangidwapo chifukwa chosowa khadi la chipani pamsika. Ndafufuza mokwanira.

Malume a ku Texas
Nanga misewu? Nanga zipatala? Nanga yunivesite? Za khadi zokha ndiye mwagwira.

Admin
Ndale pagulu pano ayi. Thandizani mayiwa.

Bambo a Mapasa
Chimene chinandisangalatsa ine ndi kalembedwe ka mafunso ake. Amayamba ndi zovuta zimene amadziwa ndi wowerenga kwambiri yekha, n'kumatsikira ku zosavuta. Ndipereke chitsanzo changa chongopeka. Funso lingayambe ndi m'busa amene anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, n'kudzaukira atsamunda mu 1915. Likapitirira litchula nsomba za mbuna, kenako dzina lakale loti Nyasaland, pomaliza n'kunena kuti likulu lake ndi Lilongwe. Mwana amene amamva za Chilembwe kunyumba adina pa chiganizo choyamba, ena akudikira Lilongwe. Ine ndinakhala kumbuyo m'kachipinda ka hotelo, makolo sitiloledwa ngakhale kugwedeza mutu, thukuta lili kamukamu ngati ndikulemba ndine. Mwana wanga anadina msanga pa funso la mitsinje, analakwa, anachotsedwa 5, anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga. Timu yawo sinafike Lamulungu. Pobwerera m'galimoto ankangofunsana mafunso okhaokha mpaka kunyumba.

Nesi wa Usiku
Za mphumuzo musazitenge mopepuka. Kamankhwala kake kopopera kakhale m'thumba mwake, osati m'chikwama chachikulu, ndipo kochi adziwe. Masukulu kuno amakhala ndi fomu ya mankhwala imene dokotala amasayina, ipempheni msanga. Juzi atenge, m'mahotelo amazizilitsa ngati mosungira nyama.

Mlongo Wanu wa ku Maryland
Ine ndinene zimene ena akuopa. Mwina vuto si ndalama, mwina ndi mapepala pokwera ndege.

Mai Busa
Zimenezo safunsa pagulu! Mwaleredwa bwanji?

Mlongo Wanu wa ku Maryland
Sindinafunse Mai Busa, ndangoti mwina. Mwana wosakwana zaka 18 akamayenda ndi wamkulu pa ndege za m'dziko momwemuno safunsidwa chiphaso. Wamkulu ndiye kuyambira 7 Meyi 2025 amafuna laisensi ya REAL ID kapena pasipoti. Zoposa apo akafunse loya, osati ife.

Malume a ku Texas
Kamuzu anayenda wapansi kuchoka kwawo kulowera kumwera kukafuna sukulu. Ndege yachita kubwera. Ndipo bambo a mwanayo ali kuti? Amuna a masiku ano ndi ochititsa manyazi. Ndipatseni nambala yawo ndiwalankhule ine, mwamuna kwa mwamuna. Mlamu wanuyo nayenso mumutchule pano, tione ngati 200 siituluka lero lomwe.

Wa ku Joni
Malume mwalemba makomenti 6, dola ndi imodzi yomwe simunalonjeze.

Malume a ku Texas
Ine sindithandiza pa Facebook kuti anthu andione.

Mayi a Tadala ku Leeds
Phikani mandasi ndi samusa mukagulitse ku tchalitchi. Ine ndinatero pa ulendo wa sukulu wa Tadala, ngakhale ena anatenga pangongole mpaka lero.

Bambo a Mapasa
Musanakazinge mandasi lankhulani ndi kochi. Kwathu makolo amene zinawavuta anathandizidwa ndi komiti ya makolo ya pasukulu, ena analipira pang'onopang'ono, ndipo ana ankagona anayi chipinda chimodzi. Mufunsenso ngati mwana wanu ali mwa anayi oyamba kapena ndi wolowa m'malo, poti amasinthana pakati pa masewero. Za mayendedwe, ngati muli kuno ku Indiana ndege siikufunika. Kuchokera ku South Bend ndi maola awiri ndi kanthu pagalimoto, kapena sitima ya South Shore Line mpaka Millennium Station, kenako sitima ya Blue Line mpaka Rosemont. Mungokumbukira kuti wotchi ya ku Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu. Koma ngati muli ku Seattle ndiye nkhani ndi ina. Komanso nthawi zambiri zimagwera wikendi ya Tsiku la Amayi la kuno, Lamulungu lachiwiri la Meyi, osati 15 Okutobala yathu ija, ndiye anzanu ambiri kuntchito adzafuna kupuma tsiku lomwelo. Pemphani lero.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse ndawerenga. Mai Busa ndamva, koma mayi aja adanena kuti ndimavala zovala za kaunjika pa Pasaka, pamaso pa anthu, ndiye kukhululuka ndikhululuka koma pang'onopang'ono. Malume nambala ya bambo ake sindingapereke, angandimenyetse ndi abale awo, mumawadziwa anthu a kwawoko. Mlamu wanga wawerenga positi ino, wandizindikira, wandibuloka. Pepala lija lili m'galimoto, ndaona kuti lili ndi tsamba lachiwiri koma ndinali ndi tulo. Mwanayu m'mawa uno wandifunsa likulu la Mongolia ndili pakati posamba.

Wa ku Joni
Ulaanbaatar. Mapointi 15 anga ndilandire kuti?

Malume a ku Texas
Waonera pa Google iwe.

Bambo a Mapasa
Mayi, tsamba lachiwirilo lijambuleni mubise maina mutiponyere. Ndipo chonde, muli state iti?