Sailensa yachiwiri pa kandege kodzipangira ndekha: ndigule kapena ndikungotaya ndalama?

Kambalame701
Akuluakulu ndithandizeni nzeru ndisanapange zopusa. Kandege kanga ndi ka anthu awiri, ndinamanga ndekha, injini ndi Rotax 912 ija ya 100 hp, pano kakwanitsa maola 140. Vuto ndi phokoso. Ndikatera makutu amangolira mpaka madzulo, komanso pansi pomwe ndimapondapa pamanjenjemera moti mapazi amachita dzanzi makamaka ndikamakwera. Sabata yathayi ndapezanso mng'alu pa paipi ya ekizozi pafupi ndi pomwe imalowera mu sailensa, kachitatu aka malo omwewo, kawiri konse ndinawotcherera. Ndiye ndaona ma sailensa owonjezera aja, aatali omangirira kumimba kwa ndege, akuti amadula phokoso kwambiri koma mtengo wake eeh. Amene munagulapo, zimathandizadi? Ndipo ming'aluyi itha?

Mapiko_Awiri
Gulani amwene osachedwa. Ine ndinaika chaka chatha ndipo anthu okhala pafupi ndi bwalo anasiya kundiyang'ana ndi diso lofiira ndikamanyamuka m'mawa. Mkati mwake mulibe zamatsenga, ndi paipi yabowolabowola yokutidwa ndi ulusi wagalasi uja ndiye kunja chitini chachitali, kaphokoso kothethekera kaja kamathera momwemo. Ku Switzerland ndi ku Germany malamulo a phokoso ndi okhwima ndiye tindege tambiri kumeneko timayenda ndi zimenezi. Yanga inawonjezera makilo pafupifupi atatu, ndiye mukaika muwerengenso kulemera ndi balansi ya ndege basi.

Chitsulo321
Dikirani kaye a Kambalame. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera ndipo chitsulo chikang'aluka katatu malo amodzi ndiye kuti pali chomwe chikuchikoka, sikuti chikufuna sailensa ina ayi. Mukapachika chitini china cholemera kumapeto kwa paipi yomwe ikuvutika kaleyo mng'alu wachinayi ubwera msanga kuposa atatu aja. Tandiuzeni zinthu ziwiri. Paipi yotulukira kunja ija munaigwiriza kuti? Ndipo majointi ozungulira aja okhala ndi masipuling'i, mukawagwedeza ndi dzanja injini itazizira akusuntha kapena anauma?

Mai_Pulopela
Ine ndikuona ngati mwasakaniza nkhani zitatu mu thumba limodzi achimwene. Phokoso lomwe anthu apansi akumva ndi china, lomwe likukulizani makutu ndi china, kunjenjemera kwa pansi ndi chinanso. Sailensa yachiwiri imathandiza kwambiri choyambacho. A Mapiko anena okha kuti amene anasangalala ndi aneba kkkk. Inuyo muli mkatimo mukumva pulopela, mphepo yolowa m'mipata ya zitseko, ndi malata akulira ngati ng'oma. Za makutu zokha ndiye musazitenge mwachibwana, malire omwe a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito ndi 85 dB (muyeso wa phokoso) kwa maola 8, ndipo mukawonjezera 3 dB nthawi imadulidwa pakati, ndiye pa 94 dB ndi ola limodzi lokha, pomwe tindege tathuti mkati kupitirira 90 si zachilendo. Ndalama imeneyo ine ndikanayamba nayo hedifoni ya ANR, ija yochepetsa phokoso pogwiritsa ntchito magetsi.

Mapiko_Awiri
Amayi pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Zoti pulopela ndi imene imasokosa kuposa ekizozi ndi zoona pa ma injini a Lycoming omwe pulopela imamangidwa pa injini mwachindunji nkumazungulira ka 2700 pa mphindi, nsonga zake zimathamanga koopsa. Koma 912 ili ndi giyabokosi, ya 100 hp injini ikazungulira ka 2.43 pulopela imazungulira kamodzi, ndiye injini ikamakuwa pa 5800 pulopela ili cha m'ma 2400 basi. Pamenepo gawo la ekizozi pa phokoso lonse limakula. Ine mkati ndinamva kusintha ndithu, si aneba okha.

Mai_Pulopela
Chabwino masamuwo ndavomera. Koma dzanzi la mapazi lija sailensa ilichotsa bwanji?

Kambalame701
Ndapita kukaona a Chitsulo. Paipi yotulukira ndinaimangirira ndi bulaketi yachitsulo ku chipupa chija chotchinga moto, pakati pa injini ndi miyendo yanga, ndinkaopa kuti izigwedera nkukhudza kava ya injini. Majointi awiri akusuntha, awiri enawo gwa, ngati anawotchereredwa. Sipuling'i imodzinso ndaipeza yadyeka pokolekera, yatsala pang'ono kuduka.

Chitsulo321
Ndi pomwepo akulu, mwaipeza mbava. Injini imakhala pa mphira, imavina payokha makamaka poliza ndi pozimitsa, pomwe thupi la ndege lili phee. Inu mwatenga paipi mutu wake uli pa injini yovina mchira mwaumanga ku thupi losasuntha, ndiye ipindikire pati? Ikupindikira pa mng'alu wanu uja. Ndipo bulaketi yomweyo ndi imene ikutenga kunjenjemera konse kwa injini nkukupatsirani ku mapazi, mphira zija mwazilambalala. Ekizozi izigwirizidwa ku injini kuti ziziyendera limodzi, ngati mwakakamizika kugwiriza ku thupi ndiye pakhale cholumikizira chofewa. Majointi owumawo masulani, tsukani, pakani anti-seize wopirira moto, mafuta aja oletsa zitsulo kugwirana. Masipuling'i sinthani onse osati imodzi yokhayo, mupititse waya wotetezera mkati mwake momasuka kuti ikaduka isagwe nkukalowa mu pulopela, kenako mzere wa silikoni wofiira uja m'litali mwake kuti isamalire. Chinanso, malo owotcherera kawiri aja chitsulo chake chinatopa kale, dulani muike chidutswa chatsopano. Ngati mungapeze stainless ya 321 ndi yabwino kuposa 304 pa kutentha kwa ekizozi chifukwa muli titanium pang'ono, sichedwa kufooka m'mbali mwa chowotcherera. Ndipo chonde nsalu zokulunga mapaipi zija musaike, zimasunga kutentha ndi chinyezi komanso zimabisa ming'alu.

Gogo_Sipanala
Ana inu mukukambirana za makutu ndi mapazi koma palibe watchula chomwe chimapha. Bambo Kambalame, hita ya mkati mwanu imatenga mpweya wotentha kuchokera pa sailensa? Ngati ndi choncho mng'alu umenewo si nkhani ya phokoso. Carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsi wa ekizozi, sanunkha, saoneka, umangomva kamutu ndi tulo nkumaganiza kuti ndi kutopa. Ndege ya Piper Malibu yomwe inagwa mu English Channel mu Januwale 2019 itanyamula wosewera mpira Emiliano Sala, ofufuza anapeza mpweya umenewu wochuluka m'magazi mwake, 58 peresenti. Imeneyo inali ndege ya ku fakitale, nanji zathu zomanga m'magalaja. Musanagule china chilichonse gulani kachipangizo kolira kakamva mpweyawu, osati timakadi tosintha mtundu tokha tija, timatha mphamvu ndipo munthu uli bize suyang'anapo. Mukamaliza kukonza tsekani potulukira, pemererani mpweya mu ekizozi ndi mbali yotulutsa ya vakyumu yoyera, pakani madzi a sopo paliponse muone pomwe pakuchita thovu.

Kambalame701
Agogo mwandiopsa koma zikomo. Hita ilipo ndipo imatengadi pamenepo. Sindiulukanso mpaka ndithane nazo.

Wa_Mariveti
Ndiwonjezereko za ng'oma ija anena amayi. Onani komwe kukamwa kwa paipi kwaloza. Kwanga inkapemerera chammbali motsatira mimba ya ndege ndiye kaphuphu kalikonse ka ekizozi kamamenya lata la pansi, mpaka mariveti ena anayamba kutulutsa timizere takuda, chizindikiro choti akugwedera m'mabowo mwawo. Ndinaika kansonga kopindira pansi nkutalikitsa pang'ono, kulira kwa pansi kunachepa zedi, ntchito ya Loweruka limodzi. Komanso makabuleta anu awiri aja munawalinganiza liti? 912 ikakhala kuti mbali imodzi ikukoka kuposa inzake imanjenjemera moipa makamaka pa aidulo, ndipo musamaisiye ikuguguda pansi pa 1400, giyabokosi imavutika.

Mai_Pulopela
Eya, ndi balansi ya pulopela injini ikuyenda. Amamangirira kasensa pa injini, makina amawerenga kunjenjemera mu muyeso wotchedwa IPS, ukapitirira 0.2 ndiye kuti pakufunika ntchito, amawonjezera timawashala pa mbale ya kumbuyo kwa sipina, kachipewa kaja ka pakati pa pulopela, mpaka nambala itsike. Makinawo osagula nokha, chinthu chogwiritsa ntchito kamodzi pa chaka kapena mukasintha pulopela, bwerekani kapena sonkheranani anthu angapo.

Mapiko_Awiri
Ndiye nonse mwandiukira eti kkkk. Zonse mwanenazi ndi zoona koma akakonza bulaketi ndi majointi injini ija izidzalirabe momwe imalirira, ine pa sailensa sindikubwerera m'mbuyo. Chomwe ndingavomere ndi choti asagule yotchipa yosadziwika mkati mwake, chifukwa ikakhala yothina imabweza mpweya ku injini, mphamvu imatsika ndipo kutentha kumakwera. Buku loikira injini lili ndi malire a kubweza mpweyaku, back pressure, wogulitsa akuuzeni nambala yake, akayamba kuzungulira musiyeni. Ulusi wa mkati uja umapsanso nkutha pakapita nthawi ndiye sankhani yotheka kutsegula.

Chitsulo321
Ndipo yanuyo a Mapiko inamangiriridwa kumimba kwa ndege, pakati pa iyo ndi paipi ya injini munaikapo chani?

Mapiko_Awiri
Kapaipi kofewa ka stainless kaja kokhala ngati kodiyoni, ndi zopachikira za mphira. Poyamba ndinalumikiza mwachindunji, sizinathe maola 20 ndinapeza mng'alu. Ndimafuna ndisanene.

Kambalame701
Kkkk a Mapiko mukanayamba ndi zimenezo. Bulaketi ndachotsa kale madzulo ano, masipuling'i ndi kachipangizo ka agogo ndaitanitsa. Ndili ndi apu yoyezera phokoso pa foni, ndiyeza mkati pa 5000 ndikakonza ndifananize ndi nambala yomwe ndinalemba mwezi watha, za sailensa tidzakambirana nditaona pamenepo. A Chitsulo, chidutswa chatsopanocho ndiwotcherere ndi makina a TIG basi, kapena mkati mwa paipi ndithiremonso mpweya wa argon?

Chitsulo321
Thiranimoni argon, mukapanda kutero mkati mumatuluka timanthongo takuda tokhakhala ndipo mng'alu wotsatira uyambira pomwepo. Tumizani chithunzi cha jointi musanayatse moto ndione mpata mwasiya.