Kodi kuphunzitsa sayansi kudzera m'nyimbo ndi ntchito yoti munthu angadalire?

Nachisale, Chilenje

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukuzidziwa bwino ntchito zimenezi. Mwana wa mng'ono wanga, amene ndamulera kuyambira ali wakhanda, watsiriza maphunziro a sayansi ya zamoyo pa Yunivesite ya Zambia, koma akukana kufunsira ntchito ya mu labotale kapena ya uphunzitsi. Iye amaimba gitala, ndipo akufuna kuti azipeka nyimbo ndi kukonza mapulogalamu a pa wailesi ofotokozera anthu wamba nkhani za madzi, mitengo ndi kusintha kwa nyengo, komanso kuti azidzudzula amene akuwononga chilengedwe. Sindikutsutsa kuti nkhanizi n'zofunika, pakuti tonse tinaona chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti sindikudziwa ngati munthu angalipire lendi ndi kudyetsa banja ndi ntchito yotere, ndiponso kumene mnyamatayu angayambire.

Mphunzitsi wopuma, Matero

Amayi, ntchito imene mwana wanu akuifuna si yachilendo m'dziko muno. Ambiri a ife tinadziwa za nyama ndi mitengo kudzera m'makalabu a Chongololo a kusukulu ndi pulogalamu yawo ya pa wailesi, ndipo amene ankakonza zimenezo anali kuchita ndendende zimene iye akulakalaka.

Chimene ndingamulangize n'chakuti asankhe nkhani imodzi n'kuidziwa mpaka pansi, ndipo muno mu Lusaka ndingasankhe madzi. Mzinda wathu uli pamwamba pa miyala ya laimu yodzaza ndi ming'alu, moti mvula ikagwa, zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimadutsa m'ming'alumo mofulumira n'kukalowa m'zitsime zosazama zimene anthu a ku Kanyama ndi madera ena amatungamo. Mayi amatunga madzi ooneka oyera bwino m'chigubu, n'kumwetsa mwana, osadziwa kuti chitsimecho ndi chimbudzi cha nyumba yoyandikana zakumana pansi pa nthaka. Kolera itabuka kumapeto kwa 2023, odwala anachuluka mpaka bwalo la National Heroes linasandutsidwa chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Anthu anauzidwa kambirimbiri kuti aziwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, koma ochepa okha anafotokozeredwa chifukwa chake madzi oyera angakhale ndi matenda. Wophunzira sayansi amene angathe kuika chifukwa chimenecho m'nyimbo yoti ana aziimba popita kukatunga madzi angathandize kwambiri kuposa zikwangwani zonse za m'misewu. Koma aonetsetse kuti mfundo iliyonse ya m'nyimbomo ndi yoona, chifukwa cholakwika chikalowa m'nyimbo yokoma sichichokanso m'mitu ya anthu.

Wa pa wailesi, Kabwata

Ndiyankha za ndalama, popeza ndipo pagona funso lanu, Amayi. Nyimbo pazokha sizidzamudyetsa, makamaka m'zaka zoyambirira. Amene ndawaona akupirira pa ntchitoyi amakhala ndi malipiro a pamwezi kuchokera kwina, kaya ku bungwe loona za umoyo, za ulimi kapena za nkhalango limene limafuna munthu wolemba mauthenga m'zinenero zathu, kaya kusukulu kumene amaphunzitsa, ndipo nyimbo zimakula pang'onopang'ono pambali pa ntchitoyo. Choncho asanyoze uphunzitsi, chifukwa amene wazolowera kufotokozera ana 60 m'kalasi imodzi savutika akakhala kutsogolo kwa maikolofoni. Nyimbo zake azilembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kuti azilandira kenakake zikaulutsidwa, ndipo ajambule pulogalamu yaifupi ya chitsanzo, ngakhale ndi foni, n'kupita nayo ku mawailesi a m'madera, amene nthawi zambiri amasowa munthu wodziwa sayansi wolankhula Chinyanja chomveka.

Gama, Chawama

Ine ndikufuna kuchenjeza pa mbali ya kudzudzula. Ndamva nyimbo zingapo zonyoza ootcha makala, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa amene amaziimba sanafunsepo chifukwa chimene thumba la makala limalowera mumzinda pa njinga m'bandakucha uliwonse. Magetsi akazima, mayi wa ku Chawama amayatsa mbaula kuti ana adye, ndipo mlimi amene chimanga chake chinapserera m'munda amadula mtengo kuti apeze ya ufa. Nyimbo yongonena kuti mitengo isadulidwe, osatchula mbaula zosunga makala, mtengo wa gasi, kapena amene amapereka zilolezo m'nkhalango zotetezedwa, imangolemetsa wosauka. Mnyamatayu ayambe wakhala pansi ndi ogulitsa makala pamsika n'kumva mmene amawerengera phindu lawo, kenako ndiye atenge gitala.

Adziwenso kuti kulimbana ndi akuluakulu kumafuna umboni ndi kuleza mtima kwa zaka. A Chilekwa Mumba, amene analandira mphoto ya Goldman ya oteteza chilengedwe mu 2023, anathandiza anthu a m'midzi ya ku Chingola kusumira kampani ya migodi ya Vedanta chifukwa cha kuipitsidwa kwa madzi, ndipo mu 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti mlanduwo ukhoza kuzengedwa kumeneko. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu udakali m'dothi limene ana a ku Chowa ndi Kasanda amaseweramo. Pa nkhani ngati zimenezi, digiri yakeyo ndi imene idzamuteteze, chifukwa woimba amene amatha kuwerenga lipoti la ZEMA, bungwe la boma loyang'anira chilengedwe, ndi zotsatira za kuyeza magazi n'kovuta kumutsutsa.

Nachisale, Chilenje

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndamuwerengera mayankho anu, ndipo wavomera kufunsira uphunzitsi chaka chino uku akukonza pulogalamu ya za zitsime. Wandipempha kuti ndifunse Abambo a ku Matero ngati angalole kuona mawu a nyimbo yake yoyamba asanaijambule.