Masamba pamsewu, mwambowu ukadalipo mtauni muno?

Mnyamata wa ku Mbayani: Abale dzulo ku Ndirande anaika masamba pamsewu, wakabaza wina anangodutsa paliwiro nyimbo zili m'mwamba, anyamata a pasiwa anamugwira nkumulipiritsa. Kodi zimenezi si zakumudzi?

Mayi wa ku Chilomoni: Achimwene maliro alibe tauni. Mukaona masamba mumatsika njinga nkumaikankha, chipewa mumavula, ngati muli pagalimoto muchepetse liwiro wailesi muzimitse mpaka mudutse masamba achiwiriwo chifukwa pakati pamenepo pali anthu akulira m'bale wawo.

Wa ku Bangwe: Zoona mayi, koma zolipiritsazo ayi, anyamata ena amangopezerapo ya kachasu. Kumulangiza kunali kokwanira.

Mayi wa ku Chilomoni: Ndiye pali awa ojambula ndi foni bokosi likamadutsa, zimandiwawa kwabasi. Imani pambali mudikire lidutse kaye.